Tchalitchi Chomwe Sichinakule

Bambo anga anali mmisiri womanga nyumba, ndipo pa zonse zomwe akanandisiyira, chomwe chinandikanirira ndi chizolowezi chawo chogwira khoma. Akafika pakhomo pachilendo, akangomaliza kupereka moni, ankayendetsa chikhatho pachipupa, kenako n'kugogoda ndi chala. Ankati khoma limauza dzanja zomwe limabisira maso. Choncho tsiku lomwe ndinafika pa tchalitchi cha m'mudzi wa Kilpeck, kumadzulo kwa England, ndinangozindikira dzanja langa lili kale pamwala. Unali mwala wofiirira ngati dothi la katondo, wozizira, wamchengamchenga, ndipo pomwe ndinagwirapo panali timizere tomwe tchizulo inasiya zaka zoposa 880 zapitazo.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Hereford. Amene anandituma ku Kilpeck ndi agogo ena omwe ndinkawasamalira, mayi a zaka zoposa 90 amene maso anali atayamba kuwathawa. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi anandifunsa ngati ndinapitako. Nditayankha kuti dzinalo ndikulimva kumene, anati: "Mwanawe, upiteko. Ukaone galu ndi kalulu, ukabwere udzandiuze ngati akadali limodzi." Sanafotokoze zambiri, inenso sindinafunse. Mawu a munthu wamkulu umayamba wawasunga, tanthauzo limakupeza m'njira. Loweruka lina ndili pa tchuthi, mnzanga wa kuntchito ananditsitsa pamphambano ya msewu wa A465 wopita ku Abergavenny, makilomita 14 kuchokera ku Hereford, ndipo kotsalako ndinayenda wapansi m'kanjira kothina pakati pa mipanda ya zitsamba. Malire a Wales ali pa makilomita 8 okha kuchokera pamenepo.

Ndinkayembekeza chinyumba. Matchalitchi akale omwe ndinali nditawaona m'dziko lino ndi ansanja zazitali, zooneka munthu akadali kutali. Cha ku Kilpeck n'chaching'ono ndipo chilibe nsanja. Changokhala ndi kakhoma kotukuka pamwamba pa denga komwe kamasunga mabelu, komwenso kanabwera mochedwa, pa kukonza kwa mu 1864. Zipinda zake ndi zitatu, zondondozana kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. Choyamba, chachikulupo, ndi cha anthu wamba. Chachiwiri ndi cha ansembe. Chachitatu n'chozungulira ngati nkhokwe yodulidwa pakati, ndipo ndimo muli guwa, kuti wopemphera aziyang'ana kotulukira dzuwa. Denga la chipinda chilichonse n'lotsikirapo kuposa la chinzake, ngati mayi, mwana ndi mdzukulu ataima pamzere.

Mbiri ya malowa inayamba nyumbayi isanamangidwe. Kale derali linkatchedwa Ergyng, Angerezi n'kumaliti Archenfield, ndipo anthu ake ankayankhula chilankhulo cha ku Wales. Dzina loti Kilpeck linachokera m'chilankhulo chimenecho, ndipo zolembedwa zakale za ku Llandaff zimasonyeza kuti panali kale nyumba yopemphereramo zaka mazana angapo Anomani asanabwere. Anomaniwo, ochokera kumpoto kwa France, analanda England mu 1066 motsogozedwa ndi William. Patatha zaka 20, mu 1086, mfumuyo inatuma alembi kukawerenga minda, anthu ndi ziweto, ndipo kaundula amene anatuluka ndi uja amatchedwa Domesday Book. M'menemo mudziwu unalembedwa kuti Chipeete, uli m'manja mwa William fitz Norman, uli ndi amuna 57 ndi mapulawo 19. Anthu a deralo ankakhoma msonkho wina ndi uchi.

Banja la William fitz Norman ameneyu linamanga linga pachitunda chochita kuunjika ndi manja, ndipo mwana wake Hugh, woyang'anira nkhalango za mfumu, ndiye anamangitsa tchalitchichi cha m'ma 1140, chili m'manja mwa amonke a ku Gloucester. Kuchokera patchalitchi kukafika pachitundacho ndi mapazi owerengeka, umangodutsa manda. Ndinakwera pamwamba pake n'kupeza zidutswa za khoma zili chiimire pakati pa udzu. Ndili pamenepo ndinaganiza za amene anasenza miyala ya nyumba ziwirizi, anthu ogonjetsedwa, omangira mbuye wolankhula Chifalansa chomwe iwo sankamva. Ife amene makolo athu anaona mishoni ndi boma zikufika motsatizana, kuyandikana kwa guwa ndi linga sikutidabwitsa. Koma linga lomwe linalandira Mfumu John kangapo pakati pa 1211 ndi 1214 latsala chigumukire, pomwe nyumba yomwe anthu wamba anaitenga kukhala yawo ikadali ndi denga.

Kamangidwe kake akatswiri amakatcha Romanesque, kutanthauza kotengera Aroma. Ku England amangoti ka Anomani. Chizindikiro chake ndi uta wozungulira pamwamba pa khomo ndi pazenera. Bambo anga ankamanga mauta otere ndi njerwa, ndiye ntchito yake ndikuidziwa. Umayamba wakhoma chikombole cha matabwa, kenako n'kuyala miyala yopapatira kumunsi, yotambalala kumtunda, mbali zonse ziwiri mpaka kukumana pamwamba. Mwala wotsiriza ukalowa umachotsa matabwa, ndipo utawo umaima wokha, mwala uliwonse utatsamira unzake. Vuto n'lakuti uta wozungulira umakankhira makoma kunja, choncho makoma amayenera kukhala ochindikala, mazenera n'kukhala ang'onoang'ono. Pomangira ankasakaniza laimu ndi mchenga. Laimu amauma pang'onopang'ono ndipo chisanu choundana chimamuwononga, motero ntchito inkaima m'nyengo yozizira, makoma atafunditsidwa udzu. Koma laimu amalola khoma kupuma, chinyezi chikalowa chimatulukanso, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zomwe nyumba zoterezi zimakhalira nthawi yaitali chonchi.

Khomo lolowera lili kumwera, mbali yomwe imaombedwa dzuwa, ndipo ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa yomwe ndinakhala m'kati. Pamwamba pa chitseko, m'kati mwa uta, anasemapo mtengo wa moyo, nthambi zake zitapindikira uku ndi uku, zitabereka mphesa. M'mbali zonse ziwiri muli njoka zonenepa zolumana michira, zopiringizana ngati nkhata. Kumanzere kuli asilikali awiri, wina pamwamba pa mnzake, atavala zipewa zosongoka, atakodwa m'ziyangoyango ngati alenje olowa thengo lachilendo. Kumanja, pamutu pa mzati, pali nkhope yamaso otong'oka yomwe m'kamwa mwake mukutuluka nthambi zamasamba. Pauta penipeni pali mngelo akuuluka, mbalame, nsomba, ndi mitu ya zilombo zamilomo yosongoka zitaluma mkombero wa khomo. Mizere yake ndi yakuthwa ngati yasemedwa chaka chatha, chifukwa kwa nthawi yaitali khomoli linabisala m'khonde lomwe linadzachotsedwa m'zaka za m'ma 1800.

Amene anasema zimenezi anali gulu la amisiri lomwe ntchito yake imapezekanso ku Shobdon, Eardisley, Castle Frome ndi Leominster. Akatswiri a mbiri analipatsa dzina loti Herefordshire School. Luso lawo linali la anthu oona zambiri. Kupiringizana kwa njoka kumakumbutsa zosema za anthu a kumpoto, Aviking, pomwe zina zimafanana ndi za m'matchalitchi a kumadzulo kwa France, komwe kunkadutsa oyenda ulendo wopatulika wopita ku Santiago de Compostela ku Spain. Oliver de Merlimond, kapitawo wa mbuye wa ku Wigmore, anayenda ulendo umenewo pa nthawi yomwe ankamangitsa tchalitchi ku Shobdon. Dzina la Oliver linasungidwa, la Hugh linasungidwa. La munthu amene anagwira tchizulo ndi nyundo, fumbi lofiira lili m'mphuno, palibe buku linalemba. Ndinakumbuka nyumba zomwe bambo anamanga kwathu: zonse zimatchedwa ndi maina a eni ake.

Galu ndi kalulu sanali pakhomo. Ndinazungulira nyumbayo kawiri ndisanaganize zokweza maso. Pansi pa denga, kuzungulira tchalitchi chonse, pali timiyala totulukira kunja, tochirikiza mzere wa miyala womwe denga limakhalapo. Mmisiri akanatisiya tosalala, ntchito yake tikanagwirabe. Koma anasema kalikonse, ndipo totsala lero ndi 85. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinayenda pang'onopang'ono, mutu uli m'mwamba. Ndinaona mutu wa nkhosa yamphongo, chimbalangondo chomangidwa pakamwa, nyama yanyanga yosemedwa chadodolido, munthu akuimba chida chonga kaligo, anthu awiri atakumbatirana, wina atadzipinda ngati wamasewera, mkazi ali chibadwire mopanda manyazi, ndi Mwanawankhosa wa Mulungu atanyamula mtanda, thupi lake likufanana ndi la kavalo. Kukhoma la kumadzulo kwatulukira mitu ya zilombo zonga ng'ona, kukamwa kuli yasa, malilime atapindika. Ndipo kum'mawa, pachipinda chozungulira chija, ndinawapeza: galu wamakutu ogwa, kalulu wamakutu oima, mapewa atagundana, onse akuyang'ana kutsogolo ngati ana awiri okhala pamkeka umodzi.

Akatswiri ena amati zambiri mwa nyamazi zinachokera m'mabuku a nthawi imeneyo, ofotokoza nyama iliyonse ndi phunziro lake, monga momwe nthano zathu zimachitira ndi Kalulu ndi Fisi. N'kutheka ndithu. Koma ine chomwe ndinaona ndi mudzi wathunthu utasonkhana pansi pa denga limodzi. Woimba alipo, okondana alipo, chilombo choopsa chilipo, thupi la munthu lilipo, ndipo palibe chomwe chinauzidwa kuti chikhale patali ndi nyumba ya Mulungu. Galu ndi kalulu, omwe m'munda uliwonse wa padziko lapansi wina amathamangitsa mnzake, pano anapatsidwa mwala umodzi. Wosemayo ankawadziwa anthu odzadutsa apa: alimi, abusa a nkhosa, ana. Anawasemera zinthu zoti aziloza ndi chala.

M'kati muli kamdima kozizirira. Uta wolowera kuchipinda cha ansembe wachirikizidwa ndi anthu asanu ndi mmodzi osemedwa pamwala, atatu mbali iyi atatu mbali inayo, wina ataima pamutu pa mnzake. Nkhope zawo n'zazitali, maso aakulu, ngati anthu amene agona pamaliro. Mmodzi wanyamula kiyi, ndipo ameneyo ndi Petulo. Kupitirira apo, denga la chipinda cha guwa lagwiridwa ndi nthiti za miyala zosemedwa mokhotakhota ngati madzi a mumtsinje, zokakumana pamwamba pomwe pali mitu inayi ya zilombo. Pafupi ndi khomo pali beseni la ubatizo, chimwala chachikulu chogobedwa ngati mtondo, chokwana kumizamo khanda lonse. Palinso kamwala ka madzi odalitsidwa kosemedwa ngati mimba yomwe manja awiri aigwirizira. Kumadzulo kuli kakhonde ka matabwa ka m'mwamba, komwe kanawonjezedwa patatha zaka mazana angapo.

Ndinakhala pabenchi n'kuyesa kuchotsa m'maganizo zonse zobwera pambuyo. M'zaka zoyambirira munalibe mabenchi. Anthu ankaima kapena kugwada pansi poyalidwa udzu. Misa inkachitika m'Chilatini, kuseri kwa uta uja, ndipo mlimi ankatsatira ndi maso, ndi belu, ndi fungo la lubani. Ukwati unkamangidwa pakhomo, panja, mudzi wonse ukuona, ndipo mwambo wa ubatizo unkayambiranso pomwepo. Kuyambira zaka za m'ma 1200, m'maparishi a ku England munakhazikika lamulo loti chipinda cha guwa azikonza ndi amene amalandira chakhumi, koma chipinda cha anthu, makoma ndi denga lomwe, azikonza eni mudzi. Iwo ankasankha akuluakulu oyang'anira thumba ndi katundu wa tchalitchi, udindo womwe ulipo mpaka lero. Kwathu timati mutu umodzi susenza denga. Kuno mwambiwo unali lamulo lenileni, ndipo denga lake linali lenilenilo.

Apa m'pamene funso linandigwira. Matchalitchi ambiri a m'midzi ya ku England anayamba ngati ichi, nanga bwanji ochepa okha ndiwo akuonekabe chonchi? Yankho n'lakuti enawo anakula. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100 kunabwera uta wosongoka, womwe umatsitsira kulemera pansi m'malo mokankhira kwambiri m'mbali. Makoma anayamba kupyapyala, mazenera kukula, kuwala kulowa. Mudzi uliwonse wopeza bwino unkaboola makoma akale, kuwonjezera zipinda m'mbali, kukweza nsanja. Kum'mawa kwa dzikoli, ku Long Melford ndi ku Lavenham, amalonda olemera ndi nsalu za ubweya wa nkhosa anamanganso matchalitchi awo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400, aakulu ngati a mabishopu. Ndi okongola zedi, koma kuti iwo aime, zomwe zinalipo kale zinayenera kugwa.

Kilpeck nayo inali panjira yomweyo. Unali mudzi woyalidwa bwino pafupi ndi linga, wokhala ndi nyumba ya amonke, ndipo mu 1259 unaloledwa kukhala ndi msika. Kenako zinthu zinatembenuka. Kuyambira 1315 mpaka 1317 mvula yosalekeza inaoletsa mbewu m'minda, kunagwa njala yoopsa. Mu 1348 mliri uja amautcha Black Death unafika ku England, ndipo pofika 1349 unali utasesa dziko lonse. Unapha pakati pa munthu mmodzi mwa atatu ndi theka la anthu onse. Eni linga ankakhala kwina, lingalo linayamba kugumuka, amonke anachoka m'zaka za m'ma 1400. Lero pomwe panali nyumba ndi misewu ya mudziwo ndi busa, ndipo dzuwa likapendeka umaona timitumbira ndi timakwawa pansi pa udzu. Otsalawo anali ochepa ndi osauka. Analibe chifukwa chokulitsira tchalitchi, analibenso ndalama. Anangoboola mazenera owerengeka, n'kumamata pomwe padontha.

Mikuntho ina inadutsanso. Mu 1534 Henry VIII anachotsa mpingo wa ku England pansi pa Papa, ndipo mu 1547, mwana wake Edward VI ali pampando, kunatuluka malamulo ochotsa mafano ndi zithunzi m'matchalitchi. Makoma omwe anali odzaza ndi zojambula anapakidwa njereza. Ku Kempley, m'chigawo choyandikana cha Gloucestershire, njerezayo inasanduka chofunda: mu 1872 atayipala anapeza zithunzi za m'zaka za m'ma 1100 zikadali pakhoma. M'nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1640, asilikali a Nyumba ya Malamulo anagwetsa zambiri mwa zomwe zinatsala pa linga la Kilpeck. Koma njoka za pakhomo, Petulo ndi kiyi wake, galu ndi kalulu, zonse zinapulumuka, m'mudzi wakutali womwe akuluakulu analibe nawo ntchito.

Patapita miyezi ndinapita ku Shobdon, kumpoto kwa chigawo cha Herefordshire momwe mulinso Kilpeck, kukaona ntchito ina ya amisiri omwewa. Kumeneko kunali chuma. Cha m'ma 1750 banja la Bateman, eni malowo, linagwetsa tchalitchi cha Oliver de Merlimond n'kumanga china cha makono a nthawi imeneyo, choyera ndi chobiriwira mwa mtambo m'kati, chokongola m'njira yake. Mauta osemedwa a chakale anawasamutsira pachitunda kuti azikongoletsa munda akamayang'ana ali kunyumba. Akhala pamenepo zaka zoposa 250, opanda denga, mvula ndi chisanu zikuwadya. Ndinayendetsa dzanja pamiyalayo ndipo nkhope zambiri zinali zitasungunuka ngati sopo wotsala m'madzi. Manja amodzimodziwo, zaka zomwezo. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Shobdon kunapezeka munthu wa ndalama amene anaona kuti chakale sichikumuyeneranso.

Nditaima pachitunda chimenecho mtima unabwerera kwathu. Tchalitchi chomwe ndinabatizidwiramo chinamangidwa ndi m'badwo wa agogo anga. Njerwa anaumba okha kudambo, amayi akutunga madzi, abambo akuponda dothi, ndipo uvuni anauchezera usiku akusonkhezera. Mazenera ake anali a uta. Chitseko chinali cha mlombwa, ndipo mmisiri wina wa m'mudzimo anasemapo mtanda ndi nsomba ziwiri. Pakhoma la kumbuyo panali chidindo cha phazi la mwana amene anaponda njerwa isanaume, ndipo tonse tinakula tikuyeza mapazi athu pamenepo. Mpingo utakula tinagwirizana zomanga chachikulu, ndipo chinali chofunikadi, chifukwa anthu ankapemphera ataima panja, mvula ikuwanyowetsa. Malo analipo okwanira pambali. Koma tinati chakalecho chikutichititsa manyazi alendo akabwera.

Tinachigumula Loweruka limodzi, tikuimba. Ine ndinali mnyamata wamphamvu, ndinali pamwamba kuzula malata. Njerwa zake tinaziphwanya n'kuzithira pansi pa simenti ya chatsopano. Bambo anga, amene anali oyamba kufika pa ntchito iliyonse ya mpingo, tsiku limenelo sanabwere. Anati mutu ukuwapweteka. Madzulo ndinawapeza atakhala pakhonde, ndipo anangondifunsa ngati njerwa ya phazi ija ndaiona. Ndinali ndisanaiganizire n'komwe. Sananenenso kanthu, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso mpaka anamwalira. Mutu umene unkawapweteka tsiku lija ndinadzaumvetsa ndili ku Herefordshire, dzanja lili pamwala wa anthu ena.

Sindikuyamikira umphawi. Chomwe chinasunga Kilpeck ndi manda a anthu ofa ndi njala ndi mliri, ndipo palibe khomo losemedwa lomwe lingalipire moyo wa mwana mmodzi. Mpingo womwe ukukula uyenera kumanga, ndipo ndimanyadira tchalitchi chathu chatsopano. Chomwe ndikulira ndi manyazi aja. Kusauka kunawaletsa anthu a ku Kilpeck kugumula. Ife tinali ndi ufulu wosankha, ndipo tikanatha kusankha mwadala chomwe iwo anachita mokakamizidwa. Ngakhale matchalitchi a ku England omwe anakula, ambiri anasiya kanthu: khomo la Anomani m'khoma latsopano, beseni lakale pakati pa mizati yatsopano, kotero kuti munthu amawerenga mibadwo pakhoma limodzi. Kwathu timadziwa kusamala St Michael and All Angels ku Blantyre, chomangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, ndi St Peter's pachilumba cha Likoma, chifukwa ndi zotchuka. Koma timatchalitchi ta m'midzi, tomwe makolo athu anaumba ndi manja awo popanda mzungu wojambula pulani, timagwa chaka ndi chaka popanda wotijambula ngakhale chithunzi. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Tsiku lija ku Kilpeck, ndisanatuluke, munalowa mayi wina wachikulire atanyamula ndowa, tsache ndi maluwa. Tinapatsana moni, ndipo ndinawathandiza kusuntha benchi kuti asese kunsi. Anandiuza kuti ndi sabata yawo pa mndandanda wa osesa, kuti opemphera ndi ochepa, ndiponso kuti wansembe mmodzi amazungulira midzi ingapo. Mpingo wa Church of England uli ndi matchalitchi pafupifupi 16,000, ndipo ambiri a m'midzi akuimira pa anthu owerengeka ngati mayiwa. Oposa 350 omwe anatsekedwa akusamalidwa ndi bungwe la Churches Conservation Trust. Ndinawafunsa chomwe amaopa kwambiri pa nyumbayi. Ndinkaganiza kuti atchula akuba. Iwo analoza kudenga n'kunena kuti ndi madzi: masamba akatseka ngalande za denga, madzi amalowa m'khoma, ndipo zaka zochepa zimawononga zomwe zaka mazana zinalephera. Bambo anga akanavomera ndi mutu. Hugh anamangitsa kamodzi, amisiri anasema kamodzi, koma kuyambira pamenepo m'badwo uliwonse wakhala ndi wina wokwera makwerero kukachotsa masamba, ndi wina wobwera ndi tsache. Maina awo nawonso sanalembedwe.

Usiku womwe ndinachokera ku Shobdon ndinaimbira foni achimwene anga kumudzi. "Achimwene, chitseko cha tchalitchi chakale chija chinapita kuti?" Anayamba adabwa, kenako anati afunsa. Patatha masiku atatu ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Chitsekocho chili pakhitchini ya kuseri kwa tchalitchi, pomwe amayi amaphikira pa misonkhano. Chada ndi utsi, kumunsi chiswe chinalawako, koma mlombwa ndi mlombwa: mtanda ulipo, nsomba ziwiri zilipo. Ndinawapempha kuti akagwade kwa akulu a mpingo, kuti ine ndigula chitseko china cha khitchini, ichi chilowe m'tchalitchi, chikaimikidwe pakhoma pomwe ana angachigwire. Ndinawapemphanso kuti afunse okalamba omwe atsala dzina la amene anachisema, lilembedwe pansi pake anthu olidziwa asanathe.

Agogo aja ndinawauza Lolemba lotsatira ulendo wanga woyamba. Ndinawapeza atakhala pafupi ndi zenera, bulangete lili pamiyendo. Ndinagwada pambali pa mpando wawo n'kunena kuti: "Agogo, ndawaona. Akadali limodzi." Anakhala chete kanthawi, kenako anandiuza kuti ali kamtsikana bambo awo ankawanyamula paphewa kuti awaone bwino, ndipo ankawauza kuti awapatse moni onse awiri, asakondere. Anafunsa ngati makutu a kalulu sanathyoke. Poti maso awo sakanatha kuona chithunzi cha pafoni yanga, ndinatenga chala chawo n'kuchiyendetsa pachikhatho changa: apa makutu awiri oima, apa makutu awiri ogwa, apa pomwe mapewa agundana. Anabwereza okha kachiwiri, pang'onopang'ono, ndipo atafika pamapewapo chala chawo chinaima.